Pakamwa pathu pasanduka chitupa: madandaulo a Amalawi a m'makomboni a Lusaka

Kwa abale athu eni mzinda wa Lusaka: eni nyumba zimene timachita lendi, anzathu a pamsika, makondakitala, anamwino, aphunzitsi ndi akulu a mipingo, komanso kwa abale athu otsala kumudzi ku Malawi.

Ife tikulembafe ndife Amalawi okhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Ena tinabwera dzana lomweli pa basi yodzera ku Mchinji ndi Mwami, ena tamerera imvi konkuno, ena tinabadwira m'makomboni momwemu kwa makolo amene anachoka ku Nyasaland dziko lino lisanatchedwe Zambia. Ndife matelala, alonda, ophika ndi osamalira maluwa kumayadi a Kabulonga ndi Ibex Hill, akalipentala ndi owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, amayi ogulitsa mpunga, usipa ndi zitenje ku Soweto ndi ku Kamwala. Madzi akasefukira ku Kanyama m'dzinja timavuuka nanu limodzi, magetsi akazima mdima wake ndi umodzi. Zimenezo n'za tonse, ndipo si zimene tadzera.

Dandaulo lathu ndi la pakamwa. Munthu wa kwathu akayamba kulankhula mumzinda muno, asanamalize n'komwe zimene amati anene, nkhani imene anadzera imafera pomwepo n'kubadwa ina: "Ndimwe ba ku Malawi?" Funso lokhalo lilibe mlandu, ndipo kwathu sitikukana. Chatitopetsa ndi chimene chimabwera pambuyo pake. Pena ndi phwete la basi yonse, pena mtengo wa tomato umakwera tikuona, pena chipinda chimene chinalibe munthu chimapezeka kuti chinatengedwa kale, ndipo tsiku likaipa timafunsidwa mapepala ndi munthu amene alibe n'komwe udindo wofunsa. Tameza zimenezi zaka zambiri poopa kuoneka osayamika, mpaka ena ayamba kuyesa kuti kukhala chete kwathu ndiko kuvomera.

Kusiyana kumene kukutizunzitsaku n'kochepa zedi. Ife timati madzi, inu mumati manzi. Ife dzuwa, inu zuba. Ife zinthu, inu vintu. Ife sindikudziwa, inu siniziba. Kampweya kamene timatulutsa potchula nkhuku, munthu ndi mphika, inu munakasiya. Ulemu wathu umayamba ndi a, wanu umayamba ndi ba. Ife tikamati tsopano ndi kwambiri, inu mukuti manje ndi maningi. Zonsezi tinaphunzira, poti mawu munthu amatola pamsewu. Chimene sichitoleka munthu atakula ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, kayimbidwe kamene anayamwira. Mayi amene wakhala ku Chawama kuyambira nthawi ya makuponi a ufa anganene bwinobwino kuti "nifuna malasha," koma wogulitsa amamvamo Dedza kapena Ntcheu. Tikalankhula chakwathu mumati n'cha dipu, simukumva. Tikayesa chanu mumati tikuchiphwanya, ndipo mumaseka kuposa poyamba. Mutiuze, tilankhule chiti? Ndiponso pakati pathu pali Atumbuka a ku Mzimba, Atonga a ku Nkhata Bay, Ayao a ku Mangochi, Alomwe a ku Mulanje ndi Asena a ku Nsanje, ena mwa iwo Chichewa chomwecho anachiphunzira kusukulu. Khutu la mumzinda muno limatiunjika tonse pa mulu umodzi wotchedwa achimwene.

Tiyambire pamsika, poti m'pamene timapita tsiku ndi tsiku. Katundu wa pamsika alibe mtengo wolembedwa, mtengo umatuluka pakamwa pa wogulitsa atamva pakamwa pa wogula. Wobwera kumene amafunsa nkhwani pamene kuno n'chibwabwa, kholowa pamene ndi kalembula, chigwada pamene ndi katapa, bonongwe pamene ndi bondwe, makala pamene ndi malasha. Akangotero, wadziulula kuti mitengo saidziwa. Koma ngakhale amene tinaloweza maina onsewa, "ni zingati" wathu akatuluka ndi kayimbidwe ka kwathu, mulu umachepa ndipo basela amasowa. N'chifukwa chake mukuona amayi akuluakulu akuloza ndiwo ndi chala osatulutsa mawu, kapena atatsogoza kamwana ka zaka 9 kobadwira kuno kuti ndiko kanenerere. Mayi amene kwawo ankagwetsa mtengo wa thumba la chimanga ndi pakamwa pokha, lero akudikira mwana aweruke kusukulu kuti akagule kapamela ka ufa.

Mu minibasi ndiye muli bwalo la masewero, ndipo osewera osalipidwa ndife. Kuno munthu satsika, amaseluka. Bambo wa imvi akaiwala n'kunena kuti "nditsika pa siteji ikubwerayo," kondakitala wa msinkhu wa mdzukulu wake amabwereza mawuwo mokoka dala, n'kufuula kuti achimwene atsika, basi yonse n'kufa nalo phwete. Kwathu mawu oti achimwene timawapereka kwa m'bale amene timamulemekeza, ndipo mwana satchula nawo munthu wofanana ndi agogo ake. Kuno asanduka dzina loitanira aliyense wa kwathu, kaya ndi m'busa, kaya ndi wamasiye wochokera kumaliro. Ndipo amene wasekedwa kale safunsanso chenji yake kachiwiri, poopa kuyambitsa chigawo china cha seweroli. Makwacha athu ambiri atsalira m'matumba a makondakitala mwa njira imeneyi.

Pofuna nyumba, nkhani imayenda bwino mpaka mwini nyumba atafunsa kuti "muchokela kuti?" Ena amaonjeza miyezi yolipiriratu, ena amati mafolena amabweretsa apolisi pakhomo. Amene atilandira timakhala nawo bwino, kubwerekana mchere ndi mbaula, kulowa chilimba chimodzi, mpaka tsiku limene ana amenyana kapena zidebe zasokonekera pamzere wa pampopi. Mkangano wa anthu awiri obadwira kuno umatha ndi kutukwanizana, mawa n'kupatsana moni. Mkangano umene muli mmodzi wa ife umatha ndi mawu awiri: "Yendani kwanu." Amene akuuzidwayo mwina anaika makolo ake ku manda a Chingwere, ndipo ku Malawi alibe ngakhale kachigunda koti angalimepo.

Kuntchito vutoli limabwera litavala chiyamikiro. Mabwana a kumayadi amakonda kunena kuti ba ku Malawi bali na ulemu, basebenza maningi. N'zoona kuti tinaleredwa ndi pepani, chonde ndi zikomo, ndipo tikamalankhula ndi wamkulu timatsitsa mawu. Koma bwana akamva kalankhulidwe kofatsako amawerengeratu kuti munthu uyu malipiro akachedwa sakadandaula kulikonse, ndipo akachotsedwa popanda kalikonse angonyamula kachikwama kake. Alipo amene amafuna wantchito wa kwathu pa chifukwa chokhachi. Mlonda akalimba mtima n'kufunsa za mwezi watha, yankho limakhala funso: mapepala ako ali bwino? Nthawi zambiri mapepalawo amakhala ali bwino ndithu, koma ndani angafune kukawatsimikizira m'chitolokosi?

Kuchipatala nkhaniyi imasiya kuseketsa. Mayi wa kwathu amati mwana akusanza ndipo akutsegula m'mimba. Kuno amafunsa kuti "aluka? atulula?" Kwathu kuluka n'kwa tsitsi ndi mphasa, choncho mayi wobwera kumene amangoti kakasi, kapena amayankha kuti ayi pamene yankho loona ndi inde. Akauzidwa kuti "bwelani mailo," sadziwa kuti mailo ndi dzulo komanso mawa. Izi zikanakhala zazing'ono womufunsayo akanafunsanso mwa njira ina. Koma alipo ena, pa zipatala zina za m'makomboni muno, amene amati "kambani futi" mokweza, kachiwiri ndi kachitatu, kuti a pabenchi amve nawo. Munthu amene wachitidwa chonchi ulendo wina amayamba wagula mapilitsi pa kantemba, kuchipatala n'kudzapita matenda atakula. Tonse tikukumbukira kolera wa 2017 ndi 2018 amene anachititsa kuti ku Kanyama anthu aletsedwe kuyenda usiku, ndi wa 2023 ndi 2024 amene anasandutsa bwalo la National Heroes kukhala chipatala. Matenda amenewa amapha pa maola ochepa, ndipo wodwala wochedwa chifukwa cha manyazi amapatsira komboni yonse, osasankha kuti uyu amati madzi, uyu amati manzi. Anamwino amene amatimvetsera modekha alipo ambiri, makamaka a kum'mawa, ndipo timauzana masiku amene ali pantchito. Koma moyo wa mwana suyenera kudalira kuti lero pawindo pali ndani.

Tifike pa nkhani ya mapepala, imene ena akuganiza kuti tikuizemba. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo a Zambia timawadziwa: mlendo wodzacheza amapatsidwa masiku osapitirira 90 pa chaka, wofuna kukhala ndi kugwira ntchito amatenga chilolezo, nzika imatenga chitupa chobiriwira ikakwana zaka 16. Pakati pathu alipo a zilolezo, alipo okwatira ndi okwatiwa kuno, alipo nzika zenizeni zobadwira kuno, ndipo alipo amene masiku awo anatha. Otsirizawa lamulo lili ndi njira yowapezera, ndiyo kuona mapepala. Chimene tikukana n'chakuti khutu lizigwira ntchito ya maso. Pa zotchinga za pamsewu wa Great East ndi m'misewu ya m'tauni, ena amangopereka moni n'kumvetsera yankho: woyankha kuti "nili bwino" adutse, woyankha kuti "ndili bwino, kaya inu" atsike. Muyeso umenewu umagwira olakwika. Munthu wa ku Chadiza, Vubwi kapena Katete, wa chitupa chobiriwira, amalankhula monga ife, chifukwa malire amene Angerezi analemba anadutsa pakati pa midzi ya anthu amodzi. Mafumu Mlonyeni ndi Zulu a ku Mchinji ndi Angoni a Mpezeni, ndipo Achewa a mbali zonse amalambira Kalonga Gawa Undi. Pamene wa ku Vubwi akutsitsidwa m'basi, wopanda pepala lililonse amene anakulira pa depoti ya mabasi ya Intercity n'kuloweza chitauni akudutsa akuseka.

Mantha athu pa nkhaniyi ali ndi pochokera. Mu 1994 a William Banda ndi a John Chinula, andale odziwika a chipani cha UNIP, ananyamulidwa n'kukasiyidwa ku Malawi ponenedwa kuti si nzika. A Chinula anamwalirira komweko mu 1998, ndipo mu 1999 bungwe la mu Africa loona za ufulu wa anthu linapeza kuti ufulu wa awiriwa unaphwanyidwa. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti woimira upulezidenti akhale wa makolo onse awiri a ku Zambia, ndipo aliyense ankadziwa kuti akuloza a Kenneth Kaunda, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ku Chinsali. Mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linafika pogamula kuti a Kaunda alibe dziko, chigamulo chimene chinadzafafanizidwa pambuyo pake. Mu 2011 a Rupiah Banda, ali pampando, anatengeredwa kukhoti ponenedwa kuti bambo awo anali a ku Malawi. Ngati munthu amene analamulira dziko lino zaka 27 anauzidwa kuti si wa kuno, wosamalira maluwa wa ku Mtendere wotchula madzi adzitchinjiriza ndi chiyani?

Ndiye panabwera Epulo 2016. Mitembo ya anthu odulidwa ziwalo itapezeka ku George ndi madera oyandikana nawo, mphekesera zinaloza alendo, ndipo magolosale oposa 60, ambiri a anthu a ku Rwanda, anathyoledwa m'makomboni. Mazana a anthu anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius. Amene ankasakidwa sitinali ife, ndipo ululu wa anzathu a ku Rwanda sitikuulanda. Koma masiku amenewo nafenso tinakhala m'nyumba, wogogoda pakhomo ankayankhidwa ndi ana, ndipo amene anakakamizika kutuluka anayenda osapereka moni. Anthu awiri amene anawotchedwa ku Kanyama sabata imeneyo anali nzika za Zambia. Gulu lokwiya siliwerenga chitupa, limangomvera mphekesera ndi kalankhulidwe. Nthabwala ya mu minibasi imene imaphunzitsa anyamata kuzindikira mlendo ndi khutu, tsiku la chipolowe imagwira ntchito ina.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti chilankhulo chimene tikusekedwa nachochi si chachilendo mumzinda muno. Malo ano ndi a Asoli ndi Alenje. Likulu litasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, anthu ofuna ntchito anakhamukira kuno kuchokera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland, ndipo Chinyanja chinabwera nawo. Chinali chilankhulo cha apolisi a Northern Rhodesia. Wailesi ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa mawu kuchokera mu Lusaka muno, n'kumamveka mpaka ku Zomba ndi ku Blantyre. Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mawu amene msewu wodutsa pa Kalingalinga unatengera dzina lake, bambo ake anali Mtonga wa ku Nyasaland, mayi ake Mbemba. Kuyambira 1953 mpaka 1963 tinali m'chitaganya chimodzi, ndipo mpaka 1968 ngakhale ku Malawi chilankhulochi chinkatchedwa Chinyanja, dzina la Chichewa lisanakhazikitsidwe pa msonkhano wa Malawi Congress Party. Mumzinda muno chinakumana ndi Chinsenga, Chibemba, Chingerezi ndi zina, n'kubala chitauni chimene mukulankhulachi. Chitaunicho n'chilankhulo chamoyo, chothamanga, chokoma, ndipo ana athu amalota m'chimenecho. Koma agogo athu anali m'gulu la amene anachiyambitsa.

Umboni wake umaoneka Lamulungu lililonse. M'mipingo ya RCZ, CCAP, Katolika ndi ina, mawu amawerengedwa m'Buku Lopatulika limene linamasuliridwa ku Nyasaland n'kutuluka mu 1922, kapena m'Buku Loyera la 1998 limene Amalawi ndi Azambia anagwirira limodzi. Ikafika nthawi yowerenga, akulu a mpingo amayang'ana kumene takhala ife, poti amati pakamwa pathu mawuwo amatuluka osapunthwa. Pamaliro timapemphedwa kupemphera. Mu 2014, boma litalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'madera awo, ku Lusaka kunagwa Chinyanja, ndipo cha m'mabukumo chinapezeka kuti n'chija cha dipu. Madzulo ana a aneba ankadzaza pakhonde pathu ndi makope kudzafunsa tanthauzo la mawu amene makolo awo sanawadziwe. Nyimbo za Lucius Banda, Namadingo ndi Driemo zimalira m'mabala ndi pa maukwati, ndipo mumaziimba osaphonya ndi liwu limodzi. Mu Ogasiti mabasi amadzaza kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, kumene mu 2007 a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza anakhala pamodzi monga atsogoleri a anthu a mfumu imodzi. Chilankhulo chomwecho chimene chili chopatulika paguwa, chofunika pamayeso ndi chokoma pa gule, Lolemba m'mawa chikatuluka pakamwa pa mayi wogula tomato chimasanduka chachimidzi. Izi n'zimene sitikumvetsa.

Tikudziwa yankho limene ambiri mupereke: ni chimbuya chabe. Chimbuya timachidziwa ndipo timachikonda. Mbemba akanena za mbewa, wa kum'mawa amabwezera za anyani, onse n'kuseka, ndipo maliro akagwa mbuya yemweyo ndiye amathamanga ndi nkhuni, kunyamula bokosi ndi kusangalatsa ofedwa. Chimbuya chili ndi lamulo lake: onse awiri amenye, ndipo pasakhale woopa mnzake. Ife tikabwezera nthabwala, nkhope zimasintha, wina n'kutikumbutsa kuti tili kwa eni. Kumene mmodzi yekha ndiye ali ndi ufulu woseka, winayo akuwerengera m'mutu ngati pasipoti yake ili pafupi, pamenepo palibe chimbuya. Amene akufuna kutiseka ngati mbuya alandirenso zathu, ndipo tidzamuone pa maliro athu.

Bala lalikulu lili m'nyumba zathu. Ana athu amamva anzawo akutiyerekeza kusukulu, ndipo amabwera nazo kunyumba. Pa msonkhano wa makolo mwana amanong'oneza kuti "ba mami, musakambe, nizakamba ine." Anzake akabwera kudzacheza amafuna bambo ake akhale kuchipinda. Mwana amene akuchita manyazi ndi mawu a mayi ake sangakhale pansi kumva nthano, miyambi kapena mbiri ya mtundu wake, chifukwa zonsezo zimabwera m'mawu omwewo. Ambiri a ife tasiya kuwalangiza m'chilankhulo chimene timatha kulangiza nacho bwino, n'kumayesa chitauni chimene akutiposa, ndipo mwambo wonenedwa mopunthwa mwana amauseka.

Tsopano kwa inu a kumudzi, poti nanunso muli ndi mbali yanu. Tikawoloka pa Mchinji timayesa kuti tafika popumira, koma moni woyamba ndi wakuti a ku Zambia abwera. Munthu wakhala kunja zaka 30, akaimirira pamaliro a mayi ake kuti athokoze anthu, manje mmodzi akapulumuka, achinyamata amagwirana m'nthiti kuseri kwa siwa. Mdzukulu akati "ambuya, nifuna manzi," mudzi wonse umamuitana kuti abwereze, mpaka mwanayo amasiya kulankhula tchuthi chonse, ndipo chaka chotsatira amakana kupita. Mumati tawataya ana, koma akabwera ndinu mumawathamangitsa ndi phwete. Pa depoti ku Lilongwe mavenda akamva kalankhulidwe kathu amakweza mtengo, poti amati tanyamula kwacha ya ku Zambia, makamaka chigwere kwacha ya Malawi ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ana athu akafuna chiphaso cha kwawo kwa makolo awo, alipo owayang'ana mokayika chifukwa cha ba ndi ni. Zambia inavomereza unzika wa maiko awiri mu 2016, Malawi mu 2018. Malire a Mwami ndi Mchinji anaphatikizidwa pa malo amodzi mu Disembala 2022, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera atatsegulira limodzi. Pa pepala mwana wathu angakhale wa konse kuwiri. Pa khutu la anthu, ku Lusaka ndi Mmalawi, ku Kasungu ndi Mzambia. Pakati pa ndalama zomangira nyumba ya malata ndi fizi ya ana a alongo athu, simunabwezepo ndi imodzi yomwe chifukwa choti wotumizayo amati maningi.

Tikulankhula momasuka chonchi chifukwa dziko lino mbiri yake ndi yolandira. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi othawa nkhanza ku Malawi anafikira ku Sinda Misale. Andale ndi atolankhani othawa ulamuliro wa chipani chimodzi anabisala mu Lusaka muno, ndipo mtolankhani Mkwapatira Mhango anaphedwa ndi banja lake konkuno mu 1989, nyumba yawo itaponyedwa bomba la moto. Mu 1992 a Chakufwa Chihana anachokera pa msonkhano wa mumzinda uno popita kukamangidwa ku Lilongwe, ulendo umene unathandiza kutsegula njira ya zipani zambiri. Zimenezi sitiiwala. Amene anatsegula chitseko pa zazikulu chotere sangalephere pa chaching'ono chimene tikupempha.

Zopempha zathu ndi izi. Ogulitsa, mtengo ukhale wa katundu, womwewo kwa wa manzi ndi wa madzi. Eni maminibasi ndi akulu a pa masiteshoni, uzani anyamata anu kuti munthu wa imvi ndi ba tate kapena ba mayo, kaya wachokera kuti, ndipo chenji yake imubwerere. A zachipatala, mukapanda kumva funsani motsitsa mawu, kapena itanani mnzanu wa kum'mawa. Mndandanda waufupi wa mawu a matenda m'Chichewa ndi m'chitauni, wopachikidwa pakhoma, ungapulumutse ana. Amene lamulo linakupatsani mphamvu yofunsa mapepala, funsani basi yonse kapena musafunse aliyense, ndipo amene mulibe mphamvuyo, kuphatikizapo mabwana ozemba malipiro, lekani kutiopseza nayo. Aphunzitsi, mwana akasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe ka makolo ake, muuzeni kalasi yonse kuti ndi kalankhulidwe ka m'buku limene akuwerengalo. A masewero a pa wailesi ndi pa Facebook, munthu wolankhula Chichewa asamangokhala wopusa wa m'munda nthawi zonse. Mumuikeko tsiku lina akhale dokotala kapena woweruza. Abusa ndi ansembe, amene mumatipatsa Buku kuti tiwerenge, nenaponi kanthu paguwa. Ndipo inu a kumudzi, mdzukulu akapempha manzi mupatseni madzi, mawuwo adzawadziwa akamamwa.

Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe m'mipingo, m'makomiti a misika ndi pa misonkhano ya makolo kusukulu. Amene ali ndi yankho, kaya lovomereza kaya lotsutsa, abwere nalo m'Chinyanja chake cha mu Lusaka, ndi manje ndi maningi wake yense. Tidzamva, ndipo sitidzaseka.

Ife anu,
Amalawi okhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George